Dzina la Alamu Anga Lili Pamwamba pa Langa

Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi kuno ku Neno mpaka ndinapuma, ndipo palibe pepala la ntchitoyo limene ndinataya. Malipoti a mwezi ndi mwezi, makalata oitanira ku misonkhano, zojambula za njira zimene ndinkayenda pa njinga pakati pa Magaleta, Nsambe ndi Midzemba, zonse zili m'mafayilo m'kabati ya kuchipinda, ndipo chiswe sichinalawepo ngakhale m'mphepete. Ndayamba ndi zimenezi kuti wowerenga adziwe kuti sindilankhula za m'mutu.

Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga, anali aphunzitsi a ku pulayimale. Ndi munthu wabwino, sindikana. Koma ndi munthu amene anakulungira bonya m'kalata yawo yopumira ntchito, ndipo nditawadzudzula anati bonyayo anakoma chimodzimodzi. Ine pamudzi pano ndine mkamwini, iwo ndi eni mbumba. Makhonde athu anayang'anizana, pakati pali mtengo wa manachesi umene tonse timauyesa wathu.

Nkhani inayamba mwana wanga wamkazi atabwera kutchuthi kuchokera ku Blantyre, kumene amagwira ntchito yolemba mapulogalamu a m'makompyuta. Masana ena anatenga foni yanga ndi ya amalume ake n'kutiikira pulogalamu ya mapu, yoonetsa njira, mitsinje ndi midzi, yogwira ntchito ngakhale kopanda netiweki. Kuno kumapiri chimenecho n'chachikulu, chifukwa ife netiweki ya intaneti timaipeza pachulu cha kuseri kwa tchalitchi basi.

Ndinafunsa funso limene munthu aliyense wozindikira akanafunsa. "Kodi mwini wake ndani?"

"Palibe mwini mmodzi, bambo," anatero mwanayo. "Anailemba anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Zonse zimene analemba kuti iziyenda zili poyera. Aliyense angathe kuziwerenga, kuzikopera, kuzisintha, kugawirako anzake. Inenso ndimathandizako ndikaweruka."

"Chinthu chopanda mwini ndi mbuzi yosokera," ndinatero. "Chikalakwika timakadandaula kuti?"

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, inu mukufuna chidindo. Mwana iwe, uwauze azunguwo adinde pafoni ya bambo akowa, apo ayi sagona."

Mwanayo anatifotokozera kuti pa intaneti pali malo amene iye ankawatcha bwalo. Munthu akapeza cholakwika amakalemba pamenepo, aliyense n'kuona, wina wodziwa n'kukonza. Kenako anatsegula tsamba lina m'kati mwa pulogalamuyo, la mayina a onse amene anathandizapo. Anali mayina ambiri, ena ovuta kutchula, ndipo pakati pawo panali dzina la mwana wanga. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. M'zaka zonse za ntchito yanga malipoti anga ankakwera kupita ku likulu n'kukatuluka ndi dzina la munthu wina pachikuto.

"Nanga munthu amalowamo bwanji m'menemu?" ndinafunsa.

"Mukathandiza chilichonse. Ngakhale kungopeza zolakwika, bambo, imeneyonso ndi ntchito."

Kupeza zolakwika! Ndinaona kuti dzina langa lalowa kale. Ndinayang'ana alamu, amene nthawiyo anali atagwira foni mozondotsa akufunafuna nyumba yawo, ndipo ndinawamvera chisoni.

Mwanayo atabwerera ku Blantyre ndinayamba ntchito monga ndinaphunzitsidwira. Ndinagula fayilo yatsopano. M'mawa uliwonse ndinkatuluka ndi foni, pensulo ndi pepala. Zolakwika zinalipo zochuluka. Zilembo zinali zazing'ono, munthu wa maso ngati anga sakanawerenga padzuwa. Batire ikatsala pang'ono pulogalamu inkaiwala pamene munthu waima. Njira yachidule yotsikira ku Midzemba kunalibe. Sukulu ina inali tsidya lolakwika la mtsinje. Chigayo chimene chinatsekedwa kalekale chinkaoneka ngati chikugayabe. Chilichonse ndinkachilemba patsamba lakelake, ndi tsiku limene ndachiona.

Sindinatumize kalikonse, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kuntchito anatiphunzitsa kuti lipoti limapita likatha. Umayamba ndi pensulo, umawerenganso, umalemba bwino ndi inki, umasunga kope lako, kenako umatumiza. Mlangizi wotumiza tizidutswa tsiku ndi tsiku tinkamutcha wosalongosoka, ndipo akuluakulu ankamudziwa ndi dzina loipa. Sindikanafuna kuti anthu a kunja aone Neno ngati dera la anthu othamanga ndi nkhani zosapsa.

Alamu analibe fayilo, analibe pensulo. Akaona chinthu ankakwera pachulu paja n'kulemba mizere iwiri ya Chingerezi chokhota, n'kuikapo chithunzi chimene theka lake linali chala chawo. Ndinkawaona ndili pakhonde, atatukula foni m'mwamba ngati akuitana mvula, ndipo ndinkapukusa mutu.

Tsiku lina anadutsa pansi pa manachesi akumwetulira mano onse.

"Alamu, muli ndi magalasi pafupi? Taonani. Mayi wina wa kutsidya kwa nyanja akundithokoza."

Ndinawerenga. Alamu anali atalemba kuti zilembo n'zazing'ono, iwo ndi okalamba, sakuona. Basi. Panalibe moni, panalibe mutu wa nkhani. Pansi pake mayiyo anayankha kuti wathokoza kwambiri, sanaganizepo za anthu owerengera padzuwa. Wina anafunsa mtundu wa foni. Wachitatu analemba kuti wakonza. Pasanapite nthawi pulogalamu inabwera yatsopano, zilembo zake zikuluzikulu, ndipo patsamba lija, kumunsi, panali dzina la alamu anga.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa fayilo, ndinawaonetsa tsamba loyamba. "Onani tsikuli. Ndinaona ndine poyamba. Inu nthawi imeneyo n'kuti mukufunafunabe denga lanu."

Alamu anayang'ana pepalalo mwaulemu ndithu. "Mwalemba bwino, alamu. Dzanja lanu ndi la mishoni. Koma kodi pepalali lili ndi miyendo? Mumati liyenda lokha kukwera pachulu?"

Ndinawauza kuti ntchito ya anthu akuluakulu sithamanga. Anati n'zoona, ndiye chifukwa chake akuluakulu amapeza ndiwo zatha.

Chimene chinandipweteka koposa si liwiro lawo, koma zolakwa zawo. Alamu ankalakwitsa, ndipo ankalakwitsa pagulu. Anaika pamapu mjigo m'mudzi umene ulibe mjigo. Anajambula njira yodutsa pakati pa munda wa mbatatesi wa munthu. Ndinadikira kuti tsopano ziwavuta, chifukwa kuntchito kwathu cholakwa chotero chinkabala kalata ya chenjezo, ndipo kalatayo inkakutsata mpaka kupuma. Koma pabwalo paja wina anangolemba kuti mjigowo ukuoneka kuti uli m'mudzi winawo, alamu n'kuyankha kuti pepani, zikomo, ndakonza, ndipo anathokozedwanso chifukwa chokonza msanga. Munthu kuthokozedwa chifukwa chotola chimene wagwetsa yekha! Ndinaimbira mwana wanga kumufunsa ngati kumeneko kuli mwambo uliwonse. Anati mwambo wake ndi womwewo: tumizani pang'ono, tumizani msanga, anzanu aone, mukonzere limodzi.

"Ndiye munthu wosamala amapindula chiyani?" ndinafunsa.

"Bambo, tumizani zanuzo," anatero.

Ku tchalitchi anthu anayamba kuwatcha alamu kuti a mapu. Mlaliki wina anawatchula pa zolengeza, kuti mudzi wathu tsopano ukuoneka pa dziko lonse chifukwa cha iwo. Ine ndinali pabenchi yachiwiri, munthu amene ndinapalasa njinga m'njira zonsezo alamu ali m'kalasi kuimbitsa ana nyimbo ya zilembo. Mayi a kunyumba anandigunda ndi chigongono kuti ndiombe m'manja. Ndinaomba. Sindibisa, inali nsanje, ndipo sinali nsanje yopanda chifukwa.

Mvula itayandikira lipoti langa linatha. Ndinapita nalo ku boma kukalitaipitsa, ndinawerenganso, ndinabweza masamba ena kuti akonze. Linali lipoti lenileni, la mutu, mawu oyamba, zopeza ndi malangizo. Ndinafunsa mwana wanga keyala ya mkulu wa bungwelo. Anati kulibe mkulu wolandira makalata, zonse zimapita pabwalo, ndipo kukanakhala bwino kuligawa, nkhani iliyonse payokha. Ndinakana. Lipoti si nkhuku yoti n'kuigawa ziwalo. Anausa moyo n'kuliika lonse monga ndinafunira.

Yankho linabwera laulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandiwawa. Bambo wina analemba kuti wathokoza chifukwa cha khama, koma apempha kuti mtsogolo nkhani iliyonse izibwera payokha kuti wokonza aziitenga mosavuta. Kenako anandandalika nkhani zanga. Zilembo: zinakonzedwa kale, onani uthenga wa uje. Batire: inakonzedwa kale, onani uthenga wa uje. Njira ya ku Midzemba, sukulu, chigayo, zonse zinakonzedwa kale. Uje ameneyo, mzere ndi mzere, anali alamu anga. Ndinawerenga dzina lawo mobwerezabwereza m'kati mwa yankho la lipoti langa.

Nkhani imodzi yokha ndi imene anati ndi yatsopano, ndipo anaitsegulira malo akeake. Ndinali nditalemba kuti pulogalamuyo imaonetsa powolokera mitsinje ngati pamawolokeka chaka chonse. Kuno si choncho. Pali malo amene m'chilimwe mwana amadumpha osanyowa, koma m'dzinja madzi amakokolola ng'ombe. Mlendo wokhulupirira foni angatsike phiri lonse n'kukapeza madzi odzaza, kapena choipa koposa, angayese kuwoloka. Anthu a pabwalo anaigwira nkhaniyo mwamphamvu. Anati pafunika kusintha pulogalamu yeniyeniyo kuti powolokera paliponse pazikhala ndi nyengo yake.

Ine nthawiyo mtima unali utatupa. Ndinaimbira mwana wanga.

"Unati aliyense angathe kukopera chinthuchi, eti?"

"Inde, bambo."

"Ndikopere changa. Ndichiyendetsa ndekha, mwadongosolo. Wofuna kuthandiza azilemba kalata."

Anati chilolezo cha pulogalamuyo chimalola, ndipo n'zosavuta. Tisanamalize kulankhula anati zatheka. Ndinakwera pachulu ndipo ndinapezadi tsamba la pulogalamu yonse, dzina langa lili pamutu. Ndinatsika ndikuyenda ngati munthu wokwezedwa pantchito. Mayi a kunyumba ankasankha nyemba pakhonde, ndinawafotokozera.

"Ndiye kuti mwayambitsa mpingo wanuwanu," anatero osatukula mutu. "Akhristu ake ndani? Nkhukuzi?"

Ndinawauza kuti zinthu zabwino zimayamba pang'ono. Koma masabata anapita, ndinkakwera pachulu, patsamba langa panalibe wofika. Panalibe wofunsa, panalibe wolakwitsa, panalibe ngakhale wonditsutsa. Ine kulemba pulogalamu sindidziwa, choncho chinthucho chinangokhala monga ndinachilandirira, pamene chinzake chinkasintha sabata ndi sabata. Ndinazindikira kuti anandilola kutenga zonse kupatula anthu, ndipo anthuwo ndiwo anali katundu weniweni. Za tsambalo sindinauze alamu. Anamva kwa alongo awo, ndipo mpaka lero akafuna kundiputa amandilonjera kuti abusa.

Pabwalo lenileni nkhani ya mitsinje inkapitirira popanda ine. Mwana wanga ndi anzake awiri a kunja anakonza mbali ya pulogalamu. Chinatsala ndi munthu wodziwa mitsinje ya kuno, woti anene powolokera paliponse ndi miyezi yake. Wina anafunsa alamu. Ndinawerenga yankho lawo ndili pachulu, ndipo ndinatsala pang'ono kuponya foni. Analemba kuti iwo sadziwa bwino, wodziwa ndi mlamu wawo, ali ndi mapepala odzaza kabati. Anthu anayankha ndi chimwemwe, kundipempha. Ndiye kuti ngakhale kulowa kwanga kunayenera kudzera pakhomo limene alamu anditsegulira.

Ndinafunsa mwana wanga mafunso anga momveka. Ndikapereka zimene ndikudziwa, zikhala zanga? Anati dzina langa lidzalembedwa pa chilichonse chimene ndapereka, ndipo silidzafufutidwa. Nanga wina angazikopere osandipempha? Anati inde. Angazisinthe? Inde. Ngakhale amalume ako? Anaseka, anati makamaka amalume.

Ndinakhala nayo nkhaniyo masiku angapo. Ine pepala langa sindibwereketsa popanda munthu kusaina. Kupereka ntchito ya moyo wanga kuti aliyense wodutsa aziigwiragwira kunali ngati kuchotsa chitseko cha nkhokwe. Chinandisuntha si kukoma mtima. M'mawa wina ndinaona alamu atavala nsapato zawo zamphira, ndodo m'manja.

"Ulendo wa kuti?"

"Kumitsinje, alamu. Poti inu mwakana, ndizikafunsa anthu ochapa. Zina ndingoyerekeza, akonza anzathu."

Kuyerekeza! Ndinaona m'maso mwanga mitsinje yonse ya Magaleta ndi Nsambe italembedwa mongoyerekeza, dzina la alamu lili pambali pa uliwonse. Ndinawauza kuti avule nsapatozo.

Ndinachita monga mwambo wawo ufunira, ngakhale unkandinyansa. Powolokera pamodzi, uthenga umodzi. Ndinatulutsa zojambula zanga zakale, koma sindinazikhulupirire zokha, chifukwa madzi osefukira a zaka zapitazi anasuntha mitsinje ina. Kumene miyendo ikanatha ndinapitanso kukaona. Ndinalemba pamene pali miyala, pamene pali ulalo wa mitengo, mwezi umene madzi amayamba kuvuta ndi umene amaphwera. Ndinakwera pachulu ndi mtolo woyamba wa mauthenga, ndinatumiza umodziumodzi, ndipo pa uliwonse panatuluka mawu akuti ukudikira wovomereza wa dera lino.

Ndinaimbira mwana wanga kufunsa kuti wovomerezayo ndani. Anazengereza.

"Bambo, musakwiye. Anthu a pabwalo anasankha amalume mwezi wathawu. Amasankha munthu amene wakhala akuthandiza nthawi yaitali."

Sindikumbuka mmene ndinatsikira pachulupo. Ndisanafike pansi pa chulucho, foni inali italira kale kangapo: wavomerezedwa, wavomerezedwa, wavomerezedwa. Alamu anali atakwera mbali ina ya chulu ndi chikho cha thobwa m'manja, ndipo anavomereza ntchito yanga yonse thobwalo lisanathe. Ndinawadikira pansi pa manachesi.

"Mwawerenga?"

"Alamu, zanu n'zowerenganso? Inu simulakwitsa. Ndangodina."

"Mwangodina! Munthu wayenda mapiri, mawondo akulira, inu mwangodina? Udindo anakupatsaniwo ndi wodina?"

"Nanga mumafuna ndikukanizeni?"

"Ndimafuna muwerenge."

Mtolo wachiwiri sindinawalole. Ndinawakhazika pakhonde langa, ndinawabwereka magalasi anga popeza awo anali atasowa, ndipo ndinaima pambali. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa powolokera pena cha ku Midzemba anaima.

"Apa mwati pamawolokeka mpaka mvula itakhazikika. Pamawolokeka ndi chiyani? Ndi miyendo, kapena ndi njinga yamoto? Ulalo umene uja njinga yamoto singakwere."

"Aliyense amadziwa zimenezo."

"Mlendo sadziwa, abusa. Ndikubwezerani. Mukakonze."

Anandibwezeradi, pabwalo, dziko lonse likuona, ndi mawu akuti chonde onjezerani za njinga. M'zaka zonse za ntchito palibe lipoti langa limene linabwezedwapo. Loyamba kubwezedwa linabwezedwa ndi munthu wovala magalasi anga, atakhala pampando wanga. Ndinakonza, chifukwa mfundoyo inali yoona, ndipo ndinaonjezera za njinga pa malo ena onse iwo asanazione. Kulemba zikomo kunanditengera nthawi yaitali kuposa kukonzako.

Pulogalamu yatsopano inatuluka mvula ili pakati. Powolokera paliponse tsopano pamasintha mtundu malinga ndi mwezi, ndipo munthu akadina amawerenga mawu anga. Patsamba la mayina dzina langa lilipo, lolembedwa bwino, lopanda cholakwika. Lili pansi pa la alamu, ndipo pakati pathu palinso anthu ena amene analowa ine ndikulemba ndi pensulo. Ndinafunsa mwana wanga ngati sangasanje potsata msinkhu kapena kukula kwa ntchito. Anati amasanja potsata amene anayamba kufika, koma ngati ndili ndi maganizo ena ndingathe kukalemba pabwalo, anthu akambirane. Anadziwa kuti sindingalembe zimenezo pamalo pamene alamu angawerenge.

Sabata yathayi kunagwa mvula yamphamvu. M'mawa mwake munthu wa kabaza, bambo wa ndevu zake, anaima pakati pa makhonde athu, kumbuyo atanyamula mayi wopita ku maliro cha ku Nsambe. Sanayang'ane kwa ine. Analunjika kwa alamu.

"A mapu, mwadzuka bwanji? Kodi kumunsi kuja tiwoloka lero?"

Alamu anatulutsa foni, anadina, n'kuwerenga mokweza ndi mawu a m'kalasi: mwezi uno njinga yamoto isayese, madzi amafika m'chiuno ndipo miyala imaterera, zungulirani njira ya kumtunda. Anawerenga mawu anga onse, osadumpha ngakhale amodzi.

"Mwatipulumutsa, a mapu," anatero wa kabazayo. Mayi uja anaomba m'manja mwaulemu kuloza kwa alamu.

Ndinaimirira pakhonde langa. "Analemba zimenezo ndine!"

Alamu anavomera ndi mutu, anandiloza ndi foni yomweyo. "N'zoona, ndi alamu angawa. Ine ndinangovomereza."

Wa kabazayo anali ataliza kale injini. Anatembenuka pang'ono, anatukula dzanja. "Zikomo nanunso, madala," anatero, n'kukhotera njira ya kumtunda.